Impso za Khamphong

Orathai anafika pachipatala chachikulu cha m'boma lina dzuwa litangoyamba kuotcha, pagalimoto ya ofesi kuchokera mumzinda wa Khon Kaen. Ntchito yake inali yovuta kuifotokoza paukwati kapena pamaliro, moti achibale ake ankangoti ndi namwino. Unamwino anaugwiradi zaka zambiri, koma tsopano anali wa ofesi ya boma yoyang'anira zopereka ziwalo za anthu omwalira m'chigawo chonse. Munthu akafa ubongo m'chipatala chilichonse cha m'chigawomo, makina n'kumapitiriza kumupumira, ofesiyo inkatumiza Orathai kuti akakhale pansi ndi abale n'kuwafunsa ngati angalole kuti impso, chiwindi kapena mtima zikathandize odwala ena. Abale akavomera, anzake kuofesi ankafufuza odwala ogwirizana magazi ndi malemuyo n'kuitana madokotala a opaleshoni. Akakana, Orathai ankawathokoza n'kubwerera. Anamwino a m'zipatala ankamutcha Khwangwala, ati chifukwa amatera pokhapokha pagwa kanthu. Dzinalo ankalidziwa, ndipo silinkamusowetsa tulo.

Woti akamuone tsiku limenelo anali Khamphong, bambo wa zaka za m'ma fote, wogulitsa ayezi. Tsiku lililonse ankadzaza kagalimoto kake ndi matumba a ayezi n'kuzungulira tauni yonse, kuyambira kumsika wa kum'mawa mpaka kusiteshoni ya mabasi kumadzulo. Dzana lake anagwa mumtengo wa bwemba n'kumenyetsa mutu pasimenti ya chitsime. Madokotala anamuyeza kawiri monga mwa lamulo, ndipo kawiri konse anapeza kuti ubongo wafa.

Sisitala wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, amene anaphunzira naye limodzi unamwino, anamulandira pakhomo. Anamuuza kuti abale afotokozeredwa kale kuti munthu wapita, ndipo amvetsa. Kenako anamugwira pamkono n'kumulozera pakhonde.

"Koma konzeka, mnzanga. Ulendo wa ayezi uja unali ndi nyumba koyambira, ndi nyumba inanso kothera."

Pakhondepo panali mikeka iwiri, ndipo pakati pake wina anaikapo bini ya zinyalala ngati malire a munda. Pamkeka wa kumanzere panakhala mayi Buaphan, mkazi wamkulu wa Khamphong, amene ankaotcha nkhuku ndi kusinja mapapaya aawisi a saladi kumsika wa kum'mawa. Anali mayi ojintcha, a mawu ozolowera kuitana makasitomala ali kutsidya kwa msewu, ndipo maso awo anali ouma koma ofiira. Pamkeka wa kumanja panali Lamduan, mkazi wamng'ono, mwini saluni pafupi ndi siteshoni ya mabasi, amene ankalira mosamala, akupukuta misozi ndi nsonga ya kansalu kuti zopakapaka zisayenderere m'masaya. Pabenchi, pataliko ndi mikeka yonse iwiri, panali mayi Thongbai, mlongo wake wamkulu wa Khamphong. Iwo anakana kukhala pamkeka uliwonse kuopa kuti angati asankha mbali, ndipo ankangoswa mtedza wophika, makoko n'kumaponya mubini ya malire ija.

Akazi awiriwa ankadziwana kwa zaka zambiri, koma anali asanakhalepo pansi pa denga limodzi. Kuyambira dzana lija ankakangana za amene wapha mwamuna. Mtengo wa bwemba unali pabwalo la Lamduan, koma bwembayo Khamphong ankathyolera mayi Buaphan kuti akapangire msuzi wa nkhuku zawo. Choncho wina ankati wamupha ndi mtengo wako, winayo n'kumati wamupha ndi msuzi wanu. Palibe amene ankayang'ana mnzake polankhula. Onse ankauza bini.

Orathai anaphatikiza manja pachifuwa n'kupereka moni kwa onse atatu, akusamala kuti asaweramire wina kuposa mnzake. Atatero anapempha kuti alankhule nawo mmodzimmodzi m'kachipinda ka pambali, kamene chitseko chake sichinkatsekeka bwino.

Mayi Buaphan sanadikire n'komwe kuti amalize kufotokoza. Anati zoterezi anaziona kale pa TV, ndipo mwana wawo wamwamuna, amene ankagwira ntchito ku Korea, anali atanena pafoni kuti chilichonse chimene mayi ake angagamule iye alibe nacho mawu.

"Impso tengani, n'zabwinobwino, munthu ankanyamula matumba tsiku lonse. Chiwindi musavutike nacho, chinapsa kalekale ndi kachasu. Koma mtima, anamwino, mukaupeza mundiitane ndidzauone. Ine zaka zonsezi sindinauonepo."

Anatulutsa kabotolo ka mankhwala okoka m'mphuno n'kukoka mwamphamvu mbali zonse ziwiri, ngati kuti chavuta ndi chimfine. Orathai anawasiya kaye osawafulumiza, kenako anawaperekeza kumkeka wawo.

Lamduan anakhala m'mphepete mwa mpando n'kumvetsera zonse mpaka kumapeto. Anafunsa ngati Khamphong adzamve kupweteka, ndiponso ngati nkhope yake idzasinthe, ndipo Orathai anamutsimikizira kuti ayi. Kenako ananena chimene chinkamuvuta kwenikweni. Khamphong anali atamulonjeza kuti akadzabadwanso adzayamba kufunafuna iyeyo, ndipo ulendo umenewo adzakwatira iye yekha. Tsopano akamuchotsa maso, adzamupeza bwanji?

Funso limeneli Orathai ankalimva pafupifupi m'banja lililonse, ndipo anayankha mofatsa monga ankayankhira nthawi zonse.

"Achemwali, tonsefe tikafa amatitentha kukachisi, thupi lonse n'kusanduka phulusa, maso ndi impso zomwe. Koma munaonapo mwana atabadwa ali phulusa?"

Lamduan anaganiza, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. Anali atatsala pang'ono kuvomera pamene kuseri kwa chitseko kunamveka mawu a kumsika aja.

"Ngati nkhani yake ndi imeneyo, anamwino, yambani ndi masowo."

Lamduan anaimirira, n'kukonza siketi yake, n'kunena kuti salola kuti achotse chilichonse, ngakhale chikhadabo.

Kunena za lamulo, chilolezo cha wachibale wapafupi mmodzi chinali chokwanira. Koma ofesi ya Orathai inali ndi mwambo wake wosatenga kanthu m'nyumba yogawanika. Mwambowu anauphunzira movutikira. Chaka china mchimwene wa malemu wina anavomera yekha azichemwali ake akukana, ndipo maliro atatha azimayiwo anabwera kudzakhala pageti ya ofesi atanyamula chithunzi cha mlongo wawo. Kuyambira pamenepo m'mudzi umenewo munthu akangomva dzina la ofesiyo ankatseka chitseko. Choncho Orathai anatuluka n'kukhala pabenchi pafupi ndi mayi Thongbai, amene anamupatsako mtedza. Ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayi Thongbai analankhula ngati akuuza mtedza wawo. Anati amonke, ansembe a kukachisi wa kwawo, amanena kuti wopereka chiwalo kuti munthu akhale ndi moyo amakolola madalitso oposa a womanga kachisi, ndipo amene wavomereza m'malo mwa malemu amagawanako madalitsowo. Anafunsanso Orathai ngati zili zoona kuti ofesi yake imabweretsa nkhata yaikulu ya maluwa pamaliro, n'kuipereka kwa banja anthu onse akuona. Orathai anavomera kuti n'zoona.

Sipanapite nthawi, Lamduan anadzuka pamkeka wake n'kudzagwada pafupi ndi benchi. Anati waganiza bwino, ndipo sangamane mwamuna wake madalitso otere. Alola, bola zidziwike kuti wapereka ndi iyeyo.

Mayi Buaphan anauza bini kuti ngati zili choncho iwo asintha maganizo. Thupi limenelo, anatero, analinenepetsa okha ndi ntchafu za nkhuku kuyambira lili ngati ndodo yokolowolera zipatso, ndipo sangalole kuti wina wodziwa sizasi yokha akakwerepo popita kumwamba.

Mmawa wonse unatha choncho. Wina akati inde, mnzake ankati ayi. Orathai anafika poona kuti akazi awiriwa akugwirizana pa chinthu chimodzi chokha, chakuti asagwirizane. Nthawi zina ankafuna kuseka, koma akasuzumira pagalasi la chitseko n'kuona chifuwa cha Khamphong chikukwera ndi kutsika potsatira makina, kusekako kunkathera pomwepo.

Chakumasana foni yake inalira. Anali Dokotala Chaliao, mkulu wa ofesi, munthu wosachedwa pafoni. Anati mankhwala ndi amene akugwirizira magazi a Khamphong kuti aziyenda, ndipo thupi silidikira mpaka kalekale. Madokotala a opaleshoni sangauyambe ulendo popanda chilolezo. Anawonjezera kuti zotsatira za zoyeza zabwera: impso zili bwino, ndipo chiwindi n'chokongola ngati cha mwana wasukulu. Anamuuza kuti afunsitse abale za kamwedwe ka malemuyo, chifukwa zimene analemba anamwino, zoti anali chidakwa, sizikugwirizana ndi chiwindicho.

Orathai anaima pafupi ndi bini kuti onse amve mofanana, n'kufunsa kuti Khamphong ankamwa motani. Kwa nthawi yoyamba akazi awiriwo anayankha chimodzimodzi. Mayi Buaphan anati ankasowa masiku angapo pamlungu, n'kubwera malaya akununkha kachasu wa mpunga, akulumbira kuti anagona kwa anzake kumowa ndipo kusaluni kuja anasiya kalekale kupitako. Lamduan anati kwa iyenso ankabwera akununkha chomwecho, akunena kuti anali kumowa, ndipo kumsika kuja amangotsitsa ayezi osazimitsa n'komwe injini.

Orathai anati madokotala akuona chiwindi cha munthu amene mwina sanamwepo.

"Khamphong sankamwa," anatero mayi Thongbai akuswa mtedza wina. "Akangolawa amatuluka zidzolo thupi lonse, kuyambira ali mnyamata. Botolo lija linkakhala pansi pa mpando wa galimoto. Ankangowaza pamalaya."

Kenako mayi Buaphan anatembenuka n'kuyang'ana Lamduan m'maso, osadzeranso kubini, n'kumufunsa masiku amene mwamunayo ankakhala kumowa. Lamduan anatchula masiku ake. Anali masiku amene Khamphong ankagona kwa mayi Buaphan. Nawonso anatchula awo, ndipo anali masiku a kusaluni. Mayi Buaphan anati zaka zonsezi akhala akumuphikira msuzi wa nsomba wothetsa matsire, munthu alibe matsire. Lamduan anati iye anafika mpaka popita naye kukachisi kuti akalumbire pamaso pa amonke kuti wasiya mowa, ndipo analumbira mosavuta mpaka amonkewo anamuyamikira.

"Alamu, zonsezi munkazidziwa, osatiuza?" anafunsa mayi Buaphan.

"Simunandifunse."

Orathai anaona kuti mphepo yasintha, ndipo anaganiza zofunsa funso limene analisunga kuyambira mmawa. Anati kaya banja livomera kaya likana, ofesi iyenera kudziwa kuti ndani mwa awiriwa analembetsa ukwati kuboma, popeza pamaso pa lamulo ameneyo ndiye mkazi.

Mayi Buaphan anati ukwati wawo unali wa mudzi wonse, amonke anabwera, akuluakulu anawamanga ulusi woyera m'manja, ng'ombe inagwa. Kuboma kokha sanapiteko chifukwa Khamphong ankati mzere wake ndi wautali ndipo ayezi angasungunuke. Lamduan anayang'ana pansi n'kunena kuti iye analonjezedwa kuti adzapita akakolola mpunga, ngakhale Khamphong analibe munda.

Onse atatu, Orathai yemwe, anatembenukira kubenchi.

Mayi Thongbai anapukuta manja pansalu yawo. Anati mlongo wawoyo sakanatha kulembetsa ndi aliyense, chifukwa analembetsa kale. Ali mnyamata anapita kukagwira ntchito m'minda ya zipatso ku Chanthaburi, ndipo kumeneko anakwatira mtsikana wotchedwa Sangwan, kuboma, ndi chidindo chomwe. Anakhala limodzi nyengo ziwiri za mvula, kenako Khamphong anati akukaona amayi ake akudwala, ndipo sanabwererenso. Ukwatiwo sunathetsedwe.

Mayi Buaphan anadzuka. Lamduan nayenso anadzuka. Mosapangana analowera limodzi kuchitseko cha chipinda cha odwala mwakayakaya, anavula nsapato, anasamba m'manja monga mwa lamulo la mmenemo, n'kukaima wina kumanja wina kumanzere kwa bedi. Zimene anamuuza Khamphong sisitala uja anakana kuzibwereza, koma anati pa zaka zake zonse za ntchito anali asanaonepo munthu wakufa akukalipiridwa mosinthana bwino chotero, wina akapuma mnzake n'kupitiriza. Anawatulutsa pokhapokha odwala a m'mabedi ena atayamba kutukula mitu kuti amve bwino.

Anatuluka atagwirana pamkono n'kudzaima pamaso pa Orathai.

"Tengani zonse," anatero mayi Buaphan. "Maso, impso, chiwindi chokongolacho, khungu ngati mumalifuna. Mutisiyire malaya okha."

Lamduan anagwedeza mutu kuvomereza.

Kuyambira mmawa Orathai ankafuna mawu amenewa. Ankadziwa kuti penapake m'chigawomo muli anthu ogona pamakina osefa magazi amene akhala zaka akudikira foni. Koma anawauza kuti sangalandire chilolezo cha mkwiyo, chifukwa mkwiyo umatha, ndipo ukatha munthu amafuna kubweza chimene sichibwezeka. Anawapempha kuti apite kaye akadye, akambirane, ndipo akabwerako amuuze zimene Khamphong mwini wake akanafuna. Mayi Buaphan anamuyang'ana ngati kasitomala amene wabweza nkhuku yopsa bwino, koma anatola dengu lawo la mpunga womata n'kutsika masitepe, Lamduan akuwatsatira.

Nambala ya mayi Sangwan inapezeka mosavuta. Inali mufoni ya mayi Thongbai, amene chaka chilichonse ankalandira bokosi la zipatso za duriani kuchokera kwa mlamu wawo woyambayo. Orathai anaimba ali m'kachipinda kaja. Kumbali inayo kunkamveka phokoso la malole ndi anthu otsatsa malonda. Anadzitchula dzina ndi ofesi yake, n'kufotokoza mosamala zimene zachitikira Khamphong.

"Ndiye kuti ine ndine wamasiye?" anafunsa mayi Sangwan.

Orathai anati inde, ndipo anapepesa.

Mayiwo anafuulira munthu wina kumbali kuti asiye kaye sikelo, abwere amve. Kenako anafotokozera Orathai kuti akhala ndi mwamuna wina zaka zambirimbiri, ana awo ndi aakulu, koma sanathe kulembetsa chifukwa kuboma ankawauza kuti ndi mkazi wa mwini. Anamutumizira Khamphong mauthenga kudzera kwa mlongo wake kuti abwere adzathetse ukwati, iye n'kumayankha kuti abwera mvula ikatha. Anaseka, koma kusekako kunazirala. Anafunsa ngati Khamphong anali akadali ndi mpata wa mano umene ankaimbira likhweru. Orathai anati sanamuone akuseka, koma mpatawo ulipo.

Mayi Sangwan anati apita kuchipatala chapafupi kukasaina chilichonse chimene ofesi ikufuna.

"Koma musatengere mawu anga okha, mwanawe. Ine ndili ndi chidindo basi. Funsani amene ankamuchapira."

Akazi awiri aja anabwerako dzuwa litapendeka. Bini anaikankhira kukhoma, koma mikeka sanailumikize. Mayi Buaphan ndi amene analankhula, ndipo mawu awo anali otsika moti Orathai anachita kuwayandikira. Anati mchimwene wawo anamwalira ndi matenda a impso, monga amafera anthu ambiri m'midzi ya kumeneko. Kwa zaka zingapo Khamphong ndi amene ankapita naye kuchipatala kukasefa magazi, atamukhazika kutsogolo kwa kagalimoto ka ayezi, n'kumudikira panja mpaka amalize. Tsiku lina anapita yekha kwa dokotala kukadzipereka kuti amuchotse impso imodzi apatse mlamu wakeyo, koma anamubweza chifukwa sanali wachibale wa magazi. Anabwera kunyumba atakwiya, ndipo sanadye.

Lamduan anati nkhani imeneyo sankaidziwa, koma akuikhulupirira, chifukwa bodza la Khamphong linali la akazi okha. Pa zina zonse anali munthu wopatsa mpaka kupusa. Anati alola zonse, ndi maso omwe. Ngati akufunadi kudzamupeza, adzafunse njira.

Anapempha chinthu chimodzi: kuti amumete asanapite naye kuopaleshoni, chifukwa tsitsi lake linali litakula ndipo sankafuna kuti madokotala a kumzinda aziti munthuyu analibe womusamala. Sisitala analola. Lamduan anatulutsa sizasi ndi chipeso m'chikwama chake n'kumeta mozungulira bandeji, pang'onopang'ono, monga ankachitira mwezi uliwonse. Mayi Buaphan anagwira beseni, akudandaula kuti kumanzere wafupikitsa kwambiri ndipo khutu likuoneka lalikulu. Lamduan anati khutulo ndi lalikulu chibadwire. Atamaliza, mayi Buaphan anapukuta nkhope ya mwamuna wawo ndi kansalu konyowa, ndipo apa ndi pamene analira, mokweza, ngati mwana. Lamduan anawalanda beseni kuti madzi asatayikire pawaya za makina.

Orathai anaimbira Dokotala Chaliao n'kumuuza kuti banja lavomera. Dokotalayo anafunsa kuti wasaina ndani, ndipo atamva kuti akazi atatu ndi mlongo mmodzi, anati pa ntchito yake yonse sanaonepo chilolezo chokhwima chotero.

Madokotala a opaleshoni anafika mmawa mwake. Pamene bedi la Khamphong linkakankhidwa kupita kuchipinda cha opaleshoni, anamwino ndi ogwira ntchito ena anaima mbali zonse ziwiri za khonde ataphatikiza manja, monga amachitira polemekeza wopereka ziwalo. Akazi ake anayenda pambali pa bedi mpaka pachitseko chimene sakanatha kupitirira. Pofika masana mabokosi ozizira anali atanyamuka, ena pa ambulansi yotsogozedwa ndi apolisi, lina kubwalo la ndege. Mtima sanautenge, chifukwa unali utafooka ndi masiku a pamakina. Maina a olandira ofesi siulula, koma Orathai analoledwa kuuza banja kuti impso imodzi yapita kwa mlimi, ina kwa mphunzitsi wamkazi, chiwindi kwa bambo wina wa ana aang'ono, ndipo anthu awiri adzaonanso.

Maliro anachitikira kukachisi wa kumudzi kwa mayi Thongbai. Orathai anabwera ndi nkhata ya ofesi, yaikulu moti anainyamula anthu awiri. Funso la woilandira analithetsa ali m'galimoto: anakaiika yekha patsogolo pa bokosi, n'kuwerenga mawu othokoza banja lonse la malemu, osatchula dzina la mkazi aliyense. Anthu a m'mudzimo, amene anali atamva kale nkhani yonse, ankasuzumira kuti aone nkhope za akaziwo, koma onse anangoyang'ana kutsogolo.

Amonke ali pakati pa mapemphero, panja panaima lole yaing'ono. Munatsika mayi wamfupi wa imvi, atavala zakuda, ndi bambo wamtali wamanyazi amene anayamba kutsitsa madengu a duriani oti anthu adye pamaliro. Anali mayi Sangwan ndi mwamuna wawo. Analowa mogwada, anapereka ulemu kubokosi, n'kuyang'ana chithunzi cha Khamphong nthawi yaitali. Mayi Sangwan anati wanenepa. Mayi Buaphan anati zikomo.

Vuto linabuka pa nthawi yoyatsa moto. Mwambo umati woyamba kuika duwa la pepala ndi kandulo pansi pa bokosi akhale wapafupi kwambiri ndi malemu. Mayi Buaphan anati ndi iwo, popeza anakhala naye nthawi yaitali ndipo anamuberekera mwana. Lamduan anati mawu omaliza a Khamphong anauza iyeyo, ngakhale mawuwo anali oti agwire makwerero. Mayi Sangwan anati iwo sakufuna n'komwe, koma ngati anthu akufunsa za lamulo, lamulo likudziwa iwowo. Ankakangana monong'ona chifukwa cha amonke, atapanga kabwalo pansi pa masitepe okwerera kumalo otenthera mtembo, aliyense atagwira duwa lake. Mkulu woyendetsa mwambo anayang'ana Orathai ngati kuti ofesi yake imaweruzanso zoterezi, koma Orathai anayang'ana kudenga.

Atatembenuka anaona utsi. Mayi Thongbai anali atakwera kale masitepe pang'onopang'ono, atagwira bondo lawo lopweteka, ndipo anali akutsika.

"Ine ndinamubereka kumsana asanadziwe kuvala kabudula," anatero podutsa. "Kwerani, mukuchedwetsa anthu."

Anakwera onse atatu, motsatizana ndi msinkhu, ndipo mudzi wonse unawatsatira.

Mayi Buaphan ndi Lamduan sanasanduke mabwenzi. Kagalimoto ka ayezi anakagulitsa kwa mphwake wa mayi Thongbai, atakangana mlungu wathunthu za mtundu wa penti yoti akapake asanakagulitse. Mayi Sangwan analembetsa ukwati wawo mwezi wotsatira, ana awo akuluakulu ali mboni, ndipo anaitana onse. Lamduan anapita kukawakonza tsitsi. Mayi Buaphan anati sangatseke malonda chifukwa cha ukwati wa nkhalamba, koma anatumiza nkhuku zootcha pabasi. Orathai nayenso anaitanidwa. Tsikulo linamupeza ali kuchipatala china kumalire, choncho anangoimba foni yowafunira mafuno abwino, ndipo mkwati wamanyazi uja, atapatsidwa foni kuti alankhule, anangoti zikomo kwambiri n'kuibweza kwa mkazi wake.